Mabuku Akale a Maulendo Asamathere Kukulunga Vitumbuwa

Mlendo wocokera ku Katete kapena ku Petauke akafika mu Lusaka, amaona kuti si zobvala zokha zimene zimagulitsidwa monga salaula. Pa msika wa Soweto ndi m'misika ya m'makomboni monga Matero, Chawama ndi Mtendere, alipo amalonda amene amayala pansi mabuku ogwirapo kale nchito. Makolo amathamangira mabuku a sukulu, koma ena amatsala padzuwa ndi pafumbi. Ena mwa otsalawo ndi mabuku a maulendo, olembedwa ndi anthu amene anayenda kutali ndi kwao nalongosola zimene anaona. Buku lotere likasowa woligula, mapepala ace amathera kukulunga vitumbuwa ndi nsawawa.

Kutaya kumeneku n'kwakukulu, pakuti dziko limene alendo ambiri akale analicha lakutali ndi lino lomwe. M'caka ca 1798 Mpwitikizi Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe ku Luapula, namwalira pa ulendowo. Mu 1831 gulu lina linatsata njira yomweyo, ndipo mmodzi wa atsogoleri ace, Antonio Gamitto, analemba za mafumu Undi ndi Mkanda, za malimidwe, maliro ndi kaweruzidwe ka milandu pakati pa Amaravi ndi Acewa. Buku lace linasindikizidwa ku Lisbon mu 1854, ndipo Ian Cunnison analimasulira m'Cingerezi mu 1960. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, motero Gamitto anaona Acewa nkhondo za Angoni zisanafike.

David Livingstone naye anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1855, natulutsa buku la maulendo ace mu 1857. Anamwalira kwa Chitambo mu 1873.

Komabe wowerenga ayenera kucenjera. Alendo amenewa sanali kudziwa bwino zinenero za kuno, ndipo zambiri anali kuzimva kupyolera mwa omasulira. Nthawi zina ananyoza miyambo imene sanaimvetse. Iwo amachulidwa kuti anatulukira mitsinje ndi mathithi, cikhalireco amene anawaonetsa njira, kuwanyamulira katundu ndi kuwaolotsa pabwato anali eni dziko. Cimene mlendo analemba ciyenera kuyerekezedwa ndi cimene nkhalamba za pamudzi zimasimba, pakuti mau a akulu akoma akagonera.

Si azungu okha amene analemba za maulendo. Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto kwa Malawi, anacoka kwao mu 1958 pa ulendo wa pansi wofuna maphunziro. Anafika ku Khartoum mu 1960, ndipo kucokera kumeneko anapita ku koleji ku America. Buku lace, I Will Try, linatuluka mu 1965. Mwana wa ku Kanyama kapena wa ku Chadiza amene aliwerenga amaona kuti munthu wobadwira m'mudzi angathe kuona dziko ndi maso ace, nalilongosola yekha.

Cotero amene ali ndi m'bale m'tauni angamtume kuti akayang'ane pa milu ya mabuku ija. Buku likafika kumudzi lisungidwe pouma, kutali ndi ciswe ndi makoswe. Mphunzitsi kapena mwana wa sukulu aliwerenge madzulo, akumasulira m'Cinyanja, kuti agogo amve, abvomereze coona ndi kukonza colakwa. Zimene agogowo adzanene zilembedwenso m'kope, pakuti tsiku lina adzukulu adzazifuna.