Galimoto Yakale Ikafooka pa Chitunda

Msewu wochokera ku Balaka umakwera ndithu ukapitirira pa boma la Ntcheu, kulowera ku Biriwiri ndi ku Lizulu. Apa ndi pamene magalimoto akale amaonetsera matenda awo. Galimoto imene inkathamanga bwino kuchigwa imayamba kukwawa ngati kamba, ndipo mwini wake amati injini yatha. Kawirikawiri sizili choncho ayi.

Kufooka pang'ono n'kosadabwitsa. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse ikakwera mamita 300.

Koma kukakhala kufooka kwakukulu, woyendetsa atchere khutu. Injini ikamalira kwambiri, liwiro osaonjezeka, kwinaku kukumveka fungo la chinthu chopserera, ndiye kuti clutch yatha. Kupondabe mafuta n'kuiononga koposa. Ikamatsokomola ndi kudukiza, mafuta sakufika okwanira. Pa chitunda injini imamwa kwambiri, ndipo sefa ya mafuta yotsekeka, imene pachidikha sivuta, imaimana. Petulo wa m'zigubu ndiye amabweretsa zinyalala zotere, nthawi zina ndi madzi omwe. Sefa yatsopano ndi yotsika mtengo. Makaniko ayambe wayang'ana imeneyo ndi mapulagi asanamasule injini.

Utsi wakuda umasonyeza kuti sefa ya mpweya yadzaza fumbi, makamaka m'chilimwe.

Palinso katundu. Matumba a kachewere wa ku Tsangano akafika mpaka padenga, ngakhale galimoto yabwino imalephera. Injini ikatentha, woyendetsa aime pambali, aike mwala kumbuyo kwa tayala, ndipo asatsegule chivundikiro cha radiator kufikira itazizira.