Fit ikamanjenjemera ponyamuka, giyabokosi isatsitsidwe msanga

Pa mdipiti wa magalimoto a madzulo mu msewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre, pomwe galimoto imasuntha pang'ono n'kuimanso, m'pomwe eni Honda Fit zakale amalimva bwino vutoli. Dalaivala akachotsa phazi pa buleki n'kuponda moto pang'ono, galimoto yonse imanjenjemera kwa kamphindi, kenako ikagwira liwiro imangoyenda myaa. Ambiri akapita ku galaja amauzidwa msangamsanga kuti giyabokosi yatha, agule ina. Zimandipweteka mtima, chifukwa kawirikawiri chigamulo chotere chimaperekedwa makaniko asanaiyendetse n'komwe galimotoyo.

Fit yoyamba idatuluka ku Japan mu 2001, ndipo zambiri mwa izo zidafika kuno zitagwira kale ntchito zaka zingapo. Giyabokosi yake ndi ya CVT, ya lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri. Ilibe torque converter, chipangizo chodzadza oilo chomwe chimalumikiza injini ndi magiya m'magalimoto ambiri a otomatiki. M'malo mwake ili ndi kalachi yotchedwa start clutch, ya timbale tingapo tomizidwa mu oilo, yomwe kompyuta imaimanga pang'onopang'ono galimoto ikamanyamuka. Oilo akakalamba, timbaleto sititereranso bwino: timagwira, n'kutaya, n'kugwiranso kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kunjenjemera kuja n'kumeneko. Honda idasintha kapangidweka mu Fit yachiwiri ya 2007 poika torque converter.

Mankhwala oyamba ndi oilo, koma woyenera. Giyabokosi ya Fit yoyamba ija imafuna oilo wa Honda wotchedwa HMMF, osati ATF wofiira wamba wogulitsidwa m'zigubu zopanda chizindikiro. Pokhetsa, amatuluka malita pafupifupi 3 okha ndipo wina amatsalira m'kati, n'chifukwa chake amakaniko osamala amasintha, n'kuiyendetsa, n'kusinthanso. Akatero amaiphunzitsanso kompyuta malo omwe kalachiyo imayambira kugwira. Fit ya 2013 kupita m'tsogolo imafuna oilo wina, HCF-2, ndipo awiriwa sabwerekana.

Komatu Fit yoyamba ija ili ndi msampha wina. Injini yake ya 1.3 ya i-DSI ili ndi masilinda 4 koma mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse. Anayi akumbuyo savuta kuwaiwala, ndipo pali galimoto zomwe zasinthidwa akutsogolo okhaokha chifikireni. Pulagi kapena koyilo ikafooka, injini imaphonya moto ikamakoka katundu pa liwiro lochepa, ndipo dalaivala amamva ngati ndi giyabokosi. Valavu ya EGR ikadzadza mwaye imachitanso chimodzimodzi. Munthu angagule giyabokosi ina, n'kuipachika, kunjenjemera kuli pompo.

Funso loyamba la makaniko wodziwa ntchito liyenera kukhala lakuti: imanjenjemera nthawi iti? Ngati ikutero itaima, giya ili pa D ndipo phazi lili pa buleki, koma n'kuleka mukaika pa N, yang'anani kaye malabala omwe injini imakhalapo. Ngati ikugwedezeka mukamaponda moto kwambiri n'kusiya mukangochotsa phazi, kayikirani ma CV joint am'kati. Tayala lotupa kapena limu yopindika zimagwedeza molingana ndi liwiro la galimoto, kaya mwaponda moto kaya ayi.

M'magalimoto okhala ndi torque converter, monga Toyota Corolla zambiri, kunjenjemera kumakonda kubwera pakati pa makilomita 40 ndi 70 pa ola, moto utapondedwa pang'ono, ndipo kumamveka ngati mwakwera timahampu tating'onoting'ono tija ta polowera m'tauni. Apa n'kuti kalachi ya m'kati mwa converter ikuyesa kumanga. Kuyesa kwake sikulira ndalama: pa msewu wopanda anthu, osachotsa phazi pa moto, gusani buleki pang'ono ndi phazi lamanzere kuti nyali zakumbuyo zingoyaka. Kompyuta imamasula kalachiyo nthawi yomweyo. Kunjenjemera kukatha, mwayandikira gwero, ngakhale makina owerengera kompyuta ayenerabe kutsimikiza kuti injini sikuphonya moto.

Si nthawi zonse pomwe mwini galimoto amakhala wolakwa. Ford Fiesta ndi Focus za giyabokosi ya PowerShift, ya makalachi awiri owuma, zidanjenjemera m'maiko ambiri, ndipo mu 2018 khoti la ku Australia lidalamula Ford kulipira chindapusa cha madola 10 miliyoni a dzikolo chifukwa cha momwe idachitira ndi madandaulo a ogula.

Ilipo ndithu nthawi yotsitsa giyabokosi. Oilo akatuluka wakuda, wonunkha kupserera, maginito a pa boliti yokhetsera atadzadza tizidutswa ta chitsulo, kapena injini ikamalira kwambiri galimoto isakusuntha molingana, oilo watsopano sangabwezenso timbale tomwe tadyeka. Ngakhale pamenepo, pa Fit yoyamba ija start clutch imatheka kusinthidwa payokha, lamba ndi mapule zili zomwezo.