Anayamba anthu 10: phunziro kwa makalabu athu

Poyendera makalabu a achinyamata ndimamva dandaulo limodzi kawirikawiri: "Achimwene, kalabu yathu yatha. Chisiyireni bungwe kutipatsa mipira ndi matisheti, tatsala anthu 6 basi." Ndikamva mawu amenewa ndimakumbukira mbiri ya kampingo kena ka ku Ethiopia.

Akhristu a Mennonite amatchedwa ndi dzina la Menno Simons, wansembe wa ku Netherlands yemwe anachoka mu mpingo wa Katolika m'chaka cha 1536. Iwowa amabatiza munthu akakula n'kusankha yekha, ndipo amakana kumenya nkhondo.

Mu 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, a Mennonite a ku America anafika ku Ethiopia kudzathandiza ovutika. M'tauni ya Nazareth, yomwe lero imatchedwa Adama, anasandutsa nyumba yopunthiramo thonje kukhala chipatala. Kumeneko anaphunzitsanso achinyamata ntchito yotsuka ndi kumanga mabala.

Boma la mfumu Haile Selassie silinkalola amishoni kutembenuza anthu m'madera a mpingo wa Orthodox, ndipo Nazareth inali m'dera lotere. N'chifukwa chake mu 1951 okhulupirira oyamba, anthu 10 okha, anapita nawo ku Addis Ababa kukawabatiza mwakachetechete. Mu 1959 mpingowu unatenga dzina loti Meserete Kristos, kutanthauza kuti Khristu ndiye maziko.

Mayeso aakulu anadza mu 1982. Boma la asilikali la Mengistu Haile Mariam linatseka mpingowu, linalanda matchalitchi ndi katundu wake, ndipo atsogoleri 6 anaponyedwa m'ndende kwa zaka 4. Panthawiyi mamembala anali pafupifupi 5,000.

Kodi anatani? Anagawikana m'timagulu ta anthu 5 mpaka 7, tokumana m'makomo. Ankafika mmodzimmodzi kuopa kuonedwa, ndipo ankaimba motsitsa mawu. Poti abusa anali ochepa, anthu wamba, makamaka amayi, ndiwo ankatsogolera timagulu tambiri. M'kagulu kotere munthu sakanasowa osadziwika. Wodwala ankayenderedwa, wofooka ankalimbikitsidwa.

Boma lija litagwa mu 1991, mpingo unatulukira poyera uli ndi mamembala pafupifupi 34,000. Lero ndi waukulu kuposa mipingo ina yonse ya Mennonite padziko lapansi.

Anzanga achinyamata, sindikunena kuti musiye mipingo yanu kapena mizikiti yanu ayi. Ndikunena za kuchepa kwanuko. Pamsonkhano wa anthu 100 palibe angaimirire n'kunena kuti, "Andipeza ndi kachirombo ka HIV." Koma pakati pa anzake 6 amene amasunga chinsinsi, munthu amamasuka.

Pantchito yanga ndaona kuti achinyamata ambiri amene amasiya kumwa ma ARV sasiya chifukwa chosowa mankhwala, pakuti m'dziko muno mankhwalawa akhala akuperekedwa ulere kuyambira mu 2004. Amasiya chifukwa choopa kusekedwa ndi kusalidwa. Wina amabisa botolo pansi pa matiresi kusukulu yogonera konko, mapeto ake n'kumadumphitsa masiku. Chonsecho munthu akamamwa mankhwala mwandondomeko, kachirombo kamachepa m'magazi mpaka kufika posaoneka poyeza, amakhala wathanzi, ndipo sapatsira wokondedwa wake pogonana.

Ntchito yothandiza mnzathu wotere sifuna holo, sifuna chimkuzamawu, sifunanso alawansi. Imafuna mnzake womukumbutsa tsiku lokatenga mankhwala, womuperekeza kukayezetsa magazi, ndi womufunafuna akajomba kukalabu masabata awiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Choncho sabata ino mukakumana, musawerenge amene anachoka chifukwa cha mipira. Lembani mayina a amene mwatsala, aliyense asankhe mnzake mmodzi woti azimuyendera, ndipo mugwirizane kuti zokambidwa pakalabu zizithera pakalabu pomwepo. Ngati mwatsala 6, ndinu okwanira kuyamba.