Bwana akaleka kusonkha m'thumba la antchito

Aphunzitsi anzathu, ana ambiri a m'makalasi mwathu makolo awo ndi aganyu kapena antchito a makampani. Pali mlandu wina umene umakhudza mabanja otere, koma suoneka msanga: bwana kusapereka ndalama ku thumba la penshoni ndi chithandizo cha antchito. Tiyeni tione mmene milandu yotereyi imayendera ku United States, kumene matumba ambiri amabadwa pa mgwirizano wa mabungwe a antchito ndi mabwana.

Kumeneko bungwe la antchito limagwirizana ndi makampani angapo kuti kampani iliyonse izisonkha ndalama, kawirikawiri molingana ndi maola amene munthu wagwira. Lamulo la Taft-Hartley la 1947 limati oyang'anira thumba achokere mbali zonse ziwiri mofanana, kwa antchito ndi kwa mabwana.

Mkangano umabuka pamene kampani yachedwa kupereka, yalemba maola ochepa, kapena yanena kuti antchito ena sali mu mgwirizano. Wantchito sadziwa kanthu, popeza malipiro ake akulandira bwinobwino. Koma penshoni yake imawerengedwabe pa ntchito imene wagwira, ndiye thumba limakhala ndi ngongole yopanda ndalama zake. Mtolo umagwera makampani okhulupirika ndi antchito ena onse.

N'chifukwa chake lamulo la ERISA la 1974 linakhwimitsidwa mu 1980. Oyang'anira thumba akapambana mlandu, kampani imabweza zonse zimene sinapereke, chiwongoladzanja, chindapusa chimene chingafike 20 peresenti, ndi ndalama za maloya. Nanga kubisa maola kumadziwika bwanji? Mu 1985, pa mlandu wa Central States ndi kampani ya magalimoto ya Central Transport, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti thumba lili ndi mphamvu yofufuza mabuku a malipiro, ngakhale a antchito amene kampani ikuti sakukhudzidwa.

Kuno ku Mozambique dongosolo ndi lina. Antchito a makampani amasonkha ku INSS, limene ndi bungwe la boma, ndipo antchito a boma ali ndi njira yawoyawo. Ku INSS zopereka ndi 7 peresenti ya malipiro: 3 amadula kwa wantchito, 4 amawonjezera bwana. Vuto lake ndi lomwe lija: ndalama kudulidwa pa pepala la malipiro sikutanthauza kuti yafika.

Nkhaniyi mutha kuigwiritsa ntchito pa phunziro la masamu. Munthu wolandira 10,000 meticais pamwezi amadulidwa 300, bwana n'kuwonjezera 400. Bwana akakhala chaka osapereka, m'thumba musowa zingati? Ana akapeza 8,400, afotokoze njira yawo m'Chinyanja, kenako m'Chipwitikizi. Pa msonkhano wa makolo, akumbutseni kusunga mapepala a malipiro ndi kukafunsa ku INSS ngati zopereka zawo zikulembedwa, asanafike pa ukalamba.