Kodi mumadziwa kuti boma limalipira anamwino a chipatala cha mpingo?

Chipatala cha Mua ndi cha mpingo wa Katolika, koma malipiro a anamwino ake amachokera kuboma.

Chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, lomwe linayamba mu 1966, ndipo zipatala zake zambiri zili kumidzi komwe chipatala cha boma chili kutali. Wodwala wa ku Golomoti kapena Mtakataka, kufupi ndi Mua, akafuna chipatala chachikulu cha boma ku Dedza, ayenera kukwera kaye zitunda zokhotakhota.

Kuyambira 2006, boma limasainirananso mapangano ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera azithandizidwa ulere. Odwala ena amalipirabe kangachepe, choncho musaiwale kandalama popita.