Kuyerekeza Zinthu Ziwiri m'Chingerezi

Aphunzitsi amene amachonga zimangirizo za Chingerezi m'sukulu za sekondale amadziwa kuti pali zolakwa zina zimene sizilephera kubwera chaka ndi chaka. Chimodzi mwa izo ndi chiganizo chonga ichi: "Nsanje is hot than Dedza." China, chimene chili ngati mphwake, ndi ichi: "This road is more better." Zolakwazi zimaoneka zazing'ono, koma zimapweteketsa. Chingerezi ndi chinenero cha boma m'Malawi muno, ndipo wophunzira amene walephera phunziroli salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi. Nayenso wotsiriza sukulu, akalemba kalata yofunsira ntchito, amaweruzidwa ndi ziganizo zake asanaonekere n'komwe pamaso pa mwini ntchito.

Ambiri amati gwero la zolakwazi ndi ulesi. Komatu woyang'anitsitsa apeza kuti mwanayo akutsata lamulo, ndipo lamulolo ndi la Chichewa. Munthu akati, "Phiri la Mulanje ndi lalitali kuposa la Zomba," mfotokozi uja "lalitali" sasintha konse. Katundu yense wa kuyerekeza wasenzedwa ndi mawu akuti "kuposa", amene ndi mneni weniweni monganso "kupambana". Chitumbuka chimachita chimodzimodzi ndi mawu akuti "kuluska", Chiyao ndi "kupunda". Katswiri wa zinenero Leon Stassen, m'buku lake la m'chaka cha 1985 lotchedwa Comparison and Universal Grammar, adaonetsa kuti kuyerekeza ndi mneni wotere n'kofala kwambiri mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara. Motero mwana akamva kuti "than" ndiye "kuposa", amaona kuti wamaliza ntchito polemba "hot than".

Chingerezi chimasenzetsa katunduyo mfotokozi mwini wake. "Hot" amasanduka "hotter", "high" nasanduka "higher", pamene "than" amangoloza chinthu chachiwiri chimene chikuyerekezedwa. Umboni wake nawu. Nyanja ya Victoria ndi yotambalala kuposa ya Malawi, koma kuya kwake ndi mamita pafupifupi 80 okha, pamene ya Malawi imafika mamita 700. Mngerezi adzati, "Lake Victoria is larger than Lake Malawi, but Lake Malawi is deeper." M'chigawo chachiwiri cha chiganizochi mulibe "than", koma kuyerekeza kukumveka ndithu chifukwa cha "deeper". Chiganizo chimatha kuima popanda "than". Popanda "-er" kapena "more" chimagwa.

Tsono "-er" amaikidwa pati, ndipo "more" pati? Lamulo lodziwika limati mawu a phatikizo limodzi amalandira "-er", monga "cheap, cheaper" ndi "long, longer", pamene mawu a maphatikizo atatu kapena kuposerapo amatsogoleredwa ndi "more", monga "more expensive" ndi "more difficult". Lamuloli ndi loona, koma muli msampha umene mabuku olembedwa ku London satchula. M'Chichewa phatikizo limathera pa lembo la liwu, ndipo n'chifukwa chake "school" adasanduka "sukulu", "store" nasanduka "sitolo". Mawu amene Mngerezi amawatchula ndi mpweya umodzi, khutu lozolowera Chichewa limawamva ngati a maphatikizo atatu. Mwana amene amatchula "strong" ngati "sitirong'o" adzawawerengera m'gulu la mawu aatali, nalemba "more strong" ali wotsimikiza kuti watsata lamulo. Mankhwala ake ndi kuwerenga maliwu amene akumveka m'katchulidwe ka eni chinenero. Mu "strong", "bright" ndi "straight" mukumveka liwu limodzi lokha, choncho ndi "stronger", "brighter" ndi "straighter".

Mawu a maphatikizo awiri ndiwo ali pamphambano. Othera ndi "-y" amasintha lembolo kukhala "i": "heavy, heavier", "easy, easier". Othera ndi "-ful", "-less" kapena "-ing" amafuna "more": "more careful", "more careless", "more tiring". Ena ochepa, monga "clever", "quiet" ndi "narrow", amalola njira zonse ziwiri. Kalembedwe nakonso kafunika diso. Mawu aafupi othera ndi lembo limodzi lopanda liwu, lotsatira lembo limodzi la liwu, amabwereza lembo lotsirizalo: "big, bigger", "thin, thinner". "Cheap" sabwereza pakuti malembo a liwu alimo awiri.

Aonjezi, amene amafotokoza m'mene chinthu chachitikira, amayenda njira yomweyo. Amene apangidwa pophatikiza "-ly" ku mfotokozi amatenga "more": "She writes more neatly than her brother." Amene amafanana ndi afotokozi amatenga "-er": "faster", "harder", "later", "earlier". Apa wophunzira achenjere ndi "hardly". Wina pofuna kudzitamanda m'kalata yofunsira ntchito angalembe kuti iye "works more hardly" kuposa anzake, osadziwa kuti "hardly" amatanthauza kuti chinthu chili pafupi kusachitika konse. Wolimbika ntchito ndiye amene "works harder".

Palinso kagulu ka mawu osamva lamulo, amene afunika kungowaloweza: "good" ndi "well" amapereka "better", "bad" ndi "badly" amapereka "worse", "little" amapereka "less", ndipo "many" ndi "much" amapereka "more". Popeza "better" alibe chofanana ndi "good", mwana samuona ngati mawu oyerekeza kale, ndipo amamuonjezera "more" kuti katundu akwane. Umu ndi m'mene "more better" amabadwira.

Mbiri ya chinenerochi imaonetsa kuti vutoli si la Amalawi okha. "-er" ndi wakalekale, ndipo akupezekanso m'Chijeremani, m'mene "klein", kutanthauza chaching'ono, amasanduka "kleiner". "More" adafala pambuyo pake, m'zaka zimene Chingerezi chidalandira mawu ambiri aatali ochokera ku Chifalansa ndi Chilatini, Anormani atalanda dziko la England m'chaka cha 1066. Kwa nthawi yaitali njira ziwirizi zinkasakanikirana, kotero kuti William Shakespeare, amene adamwalira m'chaka cha 1616, m'masewero ake ena adaziphatikiza pa mfotokozi mmodzi. Olemba malamulo a chinenero a m'zaka za m'ma 1700 ndiwo adadzudzula mchitidwewu, ndipo mmodzi wa iwo adali Robert Lowth m'buku lake la m'chaka cha 1762. Lero wochonga mayeso sangakhululukire mwana chifukwa cha Shakespeare. Mfotokozi mmodzi alandire chizindikiro chimodzi basi.

Misampha ina ili pa mawu oyandikana ndi mfotokoziyo. "Kwambiri" wa Chichewa amagwira ntchito ponseponse, koma Chingerezi chimasiyanitsa: "very big" n'kolondola, pamene poyerekeza amati "much bigger" kapena "far bigger". Mawu ochokera ku Chilatini monga "senior", "junior", "superior" ndi "inferior" ndi oyerekeza kale, choncho salandira "more", ndipo amatsatidwa ndi "to": "She is senior to him." Mneni "prefer" nayenso amafuna "to": "He prefers rice to cassava."

Pomaliza pali nkhani ya zinthu zimene zikuyerekezedwa, ndipo apa Chichewa chimathandiza. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mumzinda wa Blantyre. Wophunzira akalemba, "The population of Lilongwe is larger than Blantyre," wayerekeza anthu ndi mzinda. M'Chichewa sangalakwe chotere, pakuti adzati anthu a ku Lilongwe ndi ochuluka kuposa "a ku" Blantyre. Ntchito ya "a ku" ameneyu m'Chingerezi imagwiridwa ndi "that of": "larger than that of Blantyre". Chimodzimodzinso Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndi "higher than any other mountain in Malawi". Kusiya "other" ndiko kunena kuti phirilo likudziposa lokha.

Mphunzitsi amene amangodula mzere wofiira pansi pa "hot than" adzaudulanso mawa. Amene amalemba pa bolodi chiganizo cha Chichewa, pansi pake nalemba cha Chingerezi, ndi kufunsa ana kuti aloze pamene pali katundu wa kuyerekeza, wachiza nthendayo pa muzu. Wotsiriza sukulu amene alibenso mphunzitsi angadziyese yekha: paliponse pamene walemba "than", abwerere m'mbuyo akafune "-er", "more", "less", "better" kapena "worse". Akapeza palibe, chiganizo chapunduka. Akapeza ziwiri pa mfotokozi mmodzi, achotse chimodzi. Ziganizo zisanu patsiku, zoyerekeza mitengo ya zinthu pamsika kapena mitunda ya pakati pa maboma, n'zokwanira, pakuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Gawo lotsatira lidzafotokoza za "-est" ndi "most", poyerekeza zinthu zitatu kapena zambiri.