KUPIMA NTHENDA YA BLUETOOTH

Anzanga, sing'anga wanzeru sapereka mankhwala asanapime wodwala. Cimodzimodzinso Bluetooth ikakana kulumikiza kompyuta ndi foni kapena sipika, musafulumire kunena kuti cipangizo cafa. Pa kompyuta ya Linux pali malamulo olemba amene amaulula pagona bvuto.

Coyamba lembani "rfkill list". Lamuloli limanena ngati wailesi ya Bluetooth yatsekedwa. Mukaona mau akuti "Soft blocked: yes", itsekuleni ndi "rfkill unblock bluetooth".

Kenaka lembani "bluetoothctl", ndipo m'menemo mulembe "power on" ndi "scan on". Zipangizo zapafupi zidzaoneka, ciri conse ndi adiresi yace ya zigawo 6. Lembani "pair" ndi adiresiyo, kenaka "connect" ndi adiresi yomweyo.

Zikakanikabe, tsekulani zenera lina, mulembe "sudo btmon", ndi kuyesanso. Ili limaonetsa uthenga wonse wopita ndi wocokera ku wailesi ija. Mau akuti "Page Timeout" atanthauza kuti cipangizo cinaco sicinayankhe: kapena ncozima, kapena ciri kutali, pakuti zambiri sizipitirira mamita 10.

Potero simudzataya cipangizo camoyo, ndipo ndalama za makolo zidzapulumuka.